Tsamba Lobiriwira m'Galimoto ya a Yosiya

Kwa a Yosiya ku Milonde linali khomo la mapemphero. Bambowa adathyola tiyi pa esiteti mpaka zala kukhota, ndipo atapuma ntchito adagula kagalimoto kuti mwana wawo Dario azinyamula anthu.

Tsiku limene idafika, mudzi wonse udakhamukirako. Injini yake inkangonong'ona. Kutsogolo kwa chiwongolero kunkayaka katsamba kobiriwira.

"Opanga galimoto adalapa, madala," adatero wogulitsa. "Iyi siimwa mafuta, imangonunkhiza."

A Yosiya adavula chipewa. "Taonani tsamba! Nsonga yeniyeni ya tiyi. Tsamba likabiriwira chonchi ndiye kuti pansi pali madzi."

Pa siteji ya Chitakale, Dario adakumana ndi McDonald, wogulitsa petulo wa m'mabotolo kwa akabaza.

"Aise, galimoto yonunkhiza mukuidzaziranji thanki? Mphuno imafuna mbale yodzaza? Tenga paipi iyi."

Dario adapopa botolo limodzi, tsamba lidayakabe. Adapopanso, lidayakabe. Zoona anthu apanga chinthu choyenda ndi fungo lokha? Ndalama zomwe ankapeza pogulitsa petuloyo kwa McDonald zinkathera ku kachasu.

"Dario, m'kamwa mwako mukununkha petulo," adatero mayi ake, a Rosaria.

"Ndi ntchito, amayi."

"Mwanawe," adatero a Yosiya, "wakuba m'munda wa bambo ake amadzibera yekha. Mafuta ndathira lerowa akhale momwemo. Matenda sagogoda."

Madzulo ake Dario adawapopa. Kamuvi ka mafuta kadagona pansi, koma iye adakhulupirira tsamba.

Lamulungu, potuluka m'tchalitchi, a Yosiya adagwa, mbali imodzi itauma. Dario adawanyamula pamodzi ndi mayi ake kuthamangira kuchipatala ku boma. Mvula inali itangokata. Phiri la Mulanje lidaima poyera, lakuda bii, mathithi akutsika mbee ngati nsalu zoyanika kuchokera kumwamba. Pachitunda, pakati pa minda ya tiyi, galimoto idatsokomola. Tsamba lidaphethira, injini n'kuzima.

"Yatani?" adafuula a Rosaria.

Dario adatembenuza kiyi, adapemphera, adakankha. Msewu udangoti zii. A Yosiya, mutu uli pamiyendo ya akazi awo, adayang'ana phiri lija mpaka maso adaima. Phiri silidasunthe. Dario adadziona kuchepa ngati nyerere.

Pamaliro McDonald adadya kawiri. Wogulitsa galimoto uja adaimba besi m'kwaya. Dario adamugwira malaya.

"Mudati imangonunkhiza!"

"Ndi kayankhulidwe ka malonda, achimwene. Tsambalo limangoyamikira kuti mukuponda mofatsa, za m'thanki silizidziwa. Opanga galimoto amayesera pamsewu wosalala, wopanda matope, wopanda zitunda. Pepani kwambiri." Adatero n'kubwerera kukatsiriza nyimbo.

Onsewo ali moyo, akunenepa. Ngati opanga galimoto adalapadi kapena adangojambula tsamba, akayankha okha kwa Mulungu. Koma amene adalowetsa paipi m'thanki ndi Dario. Lero galimotoyo ili pansi pa mtengo wa mapeyala, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo iye akamva fungo la petulo amasanza.

Achinyamata, musabe podalira lonjezo la wamalonda. Mafuta amene mukupopa lero ndi omwe akadafikitsa bambo anu kuchipatala.