Twambilile Apeza x Kunsi kwa Nkhuku

Twambilile anali mtsikana wa ku Nchenachena. Anali mu sitandade 4. Anali ndi nkhuku yakeyake. Dzina lake linali Nyaukali.

Dzinali silinabwere pachabe. Nyaukali ankajompha aliyense. Ngakhale galu wa pakhomo ankamulambalala.

Tsiku lina Nyaukali anaswa anapiye. Twambilile anawawerenga. Anawawerenganso. Anali khumi! Anavina pabwalo mpaka fumbi koboo.

Twambilile ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti onse khumi akule.

Koma kuphiri kunali kabawi. Kabawi ndi mbalame yakuba anapiye. Maso ake ndi akuthwa. Njala yake siitha.

Loweruka m'mawa bambo ake, a Overton, anatulutsa kabotolo. Munali jivi, mankhwala apepo aja opaka pachilonda.

"Adada, ndani wavulala?" anafunsa Twambilile.

"Palibe, mwana wanga. Tipaka anapiye ako. Akakhala apepo, kabawi sawazindikira. Amayesa si anapiye."

Bambo anamuwazira Nyaukali gaga. Nyaukali anatanganidwa ndi kudya. Twambilile ankagwira mwanapiye mmodzimmodzi. Bambo ankapaka ndi nthenga. Akapaka, ankaika m'dengu.

Mmodzi m'dengu. Awiri m'dengu. Atatu, anayi, asanu m'dengu. Asanu ndi mmodzi m'dengu.

Mwadzidzidzi chithunzithunzi chinadutsa pabwalo. Anali kabawi!

"Krrrr!" analira Nyaukali. Anapiye osapaka aja anabalalika. Nyaukali anatambasula mapiko kuti awabise. Anakhala pansi, khathi. Pabwalo panangoti zii.

Twambilile anatembenukira kwa bambo ake.

"Adada, kunsi kwa Nyaukali kuli anapiye angati?"

"Ndione kaye," anatero bambo.

A Overton anali munthu wamkulu. Anali ndi mawu aakulu. Kutchalitchi ankaimba besi. Koma Nyaukali analibe nazo ntchito zimenezo. Dzanja litangoyandikira, jompho!

"Mayo ine!" anakuwa bambo. Analumpha. Anauzira chala. "Iyi si nkhuku, ndi mkango! Wofuna kuwerenga awerenge yekha."

Twambilile anaseka pang'ono. Koma nkhawa sinachoke. Anapiye obisala angawawerenge bwanji?

Apo anakumbukira za kusukulu. Aphunzitsi anati, "Nambala ikabisala, ipatseni dzina. Itchuleni kuti x." Tsiku limenelo Twambilile anangokanda mutu. Chilembo chikufunanji m'masamu? Chinasochera kapena?

Lero anamvetsa. Anatola kamtengo. Analemba pansi:

x

"Adada, awa ndi anapiye osapaka. Sitikuwaona. Ndiye dzina lawo ndi x."

Analembanso:

x + 6

"Awa asanu ndi mmodzi ali m'dengu."

Analembanso:

x + 6 = 10

"Onse pamodzi ndi khumi."

Bambo anawerama. Chala chinali chidakali pakamwa. "Ndiye x wakoyo ndi angati?"

"Tichotse 6 mbali ino," anatero Twambilile. "Tichotsenso 6 mbali iyo. Mbali zonse ziwiri, Adada. Masamu safuna kukondera."

Anachotsa uku. Anachotsa uko. Pansi panatsala:

x = 4

"Anayi!" anafuula Twambilile. "Kunsi kwa Nyaukali kuyenera kukhala anayi."

"Chabwino," anatero bambo. "Tidikire adzuke yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anadikira. Anadikirabe. Kenako Nyaukali anadzuka. Anadzikung'untha. Anapiye anayamba kutuluka.

Mmodzi anatuluka. Wachiwiri anatuluka. Wachitatu anatuluka.

Twambilile anasuzumira. Panalibenso wina.

"Basi, atuluka onse," anatero bambo. "Tiye timalize kupaka."

"Ayi, Adada. Atuluka atatu. Koma x ndi 4."

"Kapena masamu ako aphonya?"

Twambilile anayesanso. Anaika 4 pamalo pa x. Anayi kuphatikiza asanu ndi mmodzi. Anakwana khumi ndendende.

"Masamu sanaphonye, Adada. Mmodzi wasowa!"

Bambo anasiya kuseka. Anayang'ana kumwamba. Kabawi anali asanapite. Ankazungulira. Ankazungulirabe. Ndipo kamwanapiye kosowako kanali kosapaka.

Twambilile anachita mantha. Misozi inalengeza m'maso. Koma inali nthawi yofunafuna, osati yolira.

Anayang'ana kuseri kwa nkhokwe. Kunalibe.

Anayang'ana pansi pa nthochi. Panalibe.

Anayang'ana mumtondo. Munalibe.

Bambo anagwada. Anasuzumira m'nsapato zawo zakumunda. Munalibenso.

"Adada, khalani chete kaye," anatero Twambilile.

Onse anatchera khutu. Kamawu kanamveka kutali.

"Piyo! Piyo! Piyo!"

Kanachokera kumunsi, kumunda wa khofi. Twambilile anathamanga. Njira inali yotsetsereka. Anaterereka. Anadzuka. Anathamanganso.

Uko! Kamwanapiye kanali pamtetete. Kanali kokhakokha. Kankanjenjemera.

Kabawi nayenso anakaona. Anapinda mapiko. Anayamba kutsika ngati mwala.

"Iwe! Choka! Choka!" anakuwa Twambilile.

"Hooo! Wakuba iwe!" anabangula bambo kumbuyo. Mawu a besi aja anagwira ntchito. Phiri lonse linayankha.

Twambilile anadziponya pansi. Anavindikira kamwanapiye ndi manja awiri. Mphepo ya mapiko inamupita pamutu, fuu! Kabawi anakwera kumwamba chimanjamanja. Anabwerera kuphiri kwawo ndi njala yake.

Twambilile anatsegula manja pang'onopang'ono.

"Piyo," kanatero kamwanapiye.

Kanali kamoyo! Kanali kofunda. Kamtima kake kankagunda pachikhatho.

"Adada, ndamupeza! Wachinayi uja ndi uyu!"

Bambo anafika ali wefuwefu. Anamunyamula Twambilile pamodzi ndi kamwanapiye komwe.

"Yewo chomene, mwana wanga," anathokoza. "Ine ndikanati onse alipo. Iwe ndi x wako mwapulumutsa moyo."

Anabwerera pabwalo. Anapaka atatu aja. Wachinayi Twambilile anamupaka yekha. Anamupaka kumutu. Anamupaka kumsana. Anamupaka mpaka kumchira. Jivi wina anadzipaka yekha osadziwa.

Kenako anapendeketsa dengu. Anapiye onse anathamangira kwa mayi wawo. Twambilile anawerenga mokweza.

"Mmodzi, awiri, atatu, anayi, asanu! Mmodzi, awiri, atatu, anayi, asanu! Khumi!"

Masana mayi ake, a Isabella, anabwera kuchokera kuchigayo. Anatula thumba la ufa. Anayang'ana anapiye. Anayang'ana mwana wawo. Anayang'ana amuna awo. Anayamba kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Amama, mukuseka chiyani?" anafunsa Twambilile.

"Ndinasiya anapiye khumi," anatero mayi. "Koma apepo ndikuona khumi ndi awiri!"

Twambilile anayang'ana bambo ake. Milomo yawo inali yapepo. Bambo anayang'ana Twambilile. Mphuno yake inali yapepo. Masaya ake analinso apepo.

Onse anaphulika kuseka.

Mayi anatambasula manja. Anawakumbatira onse awiri.

"Bwerani kuno, anapiye anga aakulu," anatero. "Pakhomo pano kabawi satengapo aliyense."