Penti Wosauma pa Mfuti ya Obrad

Penti wopopera amauma tsiku limodzi, koma wa Vukasin anakanitsitsa. Mfutiyo inali ya malemu mkulu wake, Obrad, ndipo dzimbiri linali litaidya. Vukasin anaipala bwinobwino, n'kuipopera wobiriwira atayalapo masamba a thundu, kuti izifanana ndi tchire. Lamlungu kunali uzimba wa nguluwe, ndipo nkhalambayi, ndi maso ake achita nkhungu aja, inalumbira kuti ipita basi.

M'mawa anaikhudza mfutiyo m'shedi momwe anaisiya, zala zonse biriwiri. Mawa lake, chimodzimodzi.

Anzake, pomwera kachasu wa mapulamu, ankanong'ona kuti Obrad ali moyo sankalola munthu ngakhale kuipukuta mfutiyo, nanji kuipaka penti? Vukasin anawaseka, koma kunyumba anabwerera dzuwa lisanalowe.

Usiku umenewo, mphepo italeka, anamva kanjere ka m'chitini cha penti kakulira kushedi, khocho, khocho, pang'onopang'ono. Kenaka tsiii, kutalika ngati munthu akuusa moyo. Galu osauwa n'komwe. Vukasin, munthu wosaopa nguluwe, anafunda kumutu n'kuyang'ana kukhoma.

Loweruka usiku zitayambanso, mantha anamukwana. Anapapasa kuti adzutse mkazi wake, Jagoda, koma pamalo pake panali pozizira. Anatuluka wopanda nsapato, udzu ukumuwaza mame, n'kusuzumira pakhomo la shedi.

Jagoda anali atawerama, nyali ili pansi, mpango atamanga kumphuno, akupopera mfuti ija mosamala ngati akuthirira mbande. Sanatembenuke n'komwe.

"Bwererani, mudwala chifuwa," ananong'ona.

"Mayi, ndinu Obrad wake?"

"Chaka chatha munawombera chitsa mukuti nguluwe, mnzanu Milutin atangodzukapo kumene. Anandiuza mkazi wake. Ndikanakuletsani pakamwa, mukanamva inu? Zaka makumi anayi ndikukudziwani."

Vukasin anafuna kukalipa, koma manyazi ndi chisoni zinamugwira. Anavula jekete n'kumufunditsa mkazi wakeyo.

M'mawa alenje atafika ndi agalu awo, Vukasin anawaonetsa zala zobiriwira, nkhope ili ndwii.

"Pitani, anyamata. Akulu anga akana."

Onse anachita chizindikiro cha mtanda n'kuchoka mwakachetechete, Milutin akupumira m'mwamba.

Lolemba Vukasin anapita m'tauni n'kugula zitini zina ziwiri. Anaziika pashelefu yam'munsi, pomwe Jagoda amafikira osakwera pampando.