Njinga ya Penti Wakuda

Aliness anali ndi mantha oposa msinkhu wake. Ankaopa agalu, ankaopa mabingu a m'phiri, koma koposa zonse ankaopa kanjira ka m'mabulugamu komwe ankadutsa wapansi m'mawa uliwonse popita kukaphunzitsa pa sukulu ya mkaka kuseri kwa Chiringa. M'mabulugamu m'menemo anyamata ena anali atalanda mayi wina foni dzuwa likuswa mtengo.

Ndiye tsiku lina atamva belu la njinga kumbuyo kwake, mtsikanayo sanayang'ane n'komwe. Anangodumphira m'thengo, nsapato imodzi n'kutsala mumsewu.

"Pepani achemwali, sindiluma ayi!" anatero mnyamata wa panjingayo akuseka. Anatola nsapato ija n'kuipereka ndi manja awiri. "Ndine Nickson, ndimagula nandolo m'midzi muno. Mtsikana wokongola chonchi kuyenda yekha muno, abale ake alibe chisoni?"

Aliness anafuna kukwiya, koma mano anamuwonekera okha. Tsiku limenelo anafika ku ntchito ali pa kaliyala.

Nambala anapatsana, ndipo mauthenga anayamba kugwa ngati mango a mu Disembala.

"Wadzuka bwanji, nanazi wanga wa ku Mulanje? Ine tulo sindinatione, ndimangoona kumwetulira kwako."

"Inu a Nickson, musandinamize. Ine mtima wanga ndi waung'ono."

"Ndikakunamiza ndife! Nyengo ya nandolo ikangotha, amalume anga akubwera kwanu. Bola ndili moyo, palibe amene adzakukhudze ngakhale tsitsi."

Mawu omalizawo ndi amene anamumaliza Aliness. Munthu wamantha safuna zambiri, amangofuna wina womuuza kuti ndilipo.

Mvula itayandikira, Nickson anabwera akukankha njinga ina. Inali yakapalasa, yopanda magiya, yolimba ngati khasu, ndipo penti wake wakuda anali akununkhabe.

"Iyi ndi yako, mfumukazi yanga. Miyendo imeneyo si yopondera fumbi."

Aliness analira ndi chimwemwe. Iye? Njinga yakeyake?

"Koma undilonjeze chinthu chimodzi," anatero Nickson, nkhope itasintha pang'ono. "Usamadutse pa msika wa Chiringa. Uzidzera njira ya kumtsinje. Pa msika pali malole ndi akabaza oyendetsa ngati amisala, angandiphere duwa langa."

Mtsikanayo anavomera msangamsanga. Kodi chikondi chosamala chonchi chimapezekanso kuti masiku ano?

Njinga yopanda magiya simunyengerera munthu. Pa chitunda Aliness ankatsika n'kumakankha, thukuta lili kamukamu. Pa mtsetse ankafinya mabuleki mpaka zala kuwawa, akupemphera chamumtima. Koma m'mabulugamu ankapalasa ngati akuthamangitsidwa, ndipo asanathe kuopa bwinobwino amakhala atatulukamo kale. Ana a pa sukulu ankamuthamangira akukuwa, "Madamu abwera pa galimoto yawo!"

Kenako kunagwa mvula ya masiku angapo. M'mawa wina Aliness anapeza mtsinje utadzaza, madzi ali psuu, ulalo wa mitengo utapita. Anaima patali, chifukwa anthu a ku Phalombe madzi ochokera m'phiri sasewera nawo.

Analembera Nickson uthenga: "Wokondedwa, ulalo wakokoloka. Ndidzera pa msika."

Yankho linabwera asanabweze foni m'chikwama. "AYI! Bwerera kunyumba. Usadutse pa msika, ndakupempha!"

Bwanji zilembo zikuluzikulu chonchi? Koma eni sukulu anali atanena kale kuti wojomba nyengo ya mvula asabwererenso. Aliness anatembenuza njinga.

Linali tsiku la msika. Anthu anali pikitipikiti, matope mpaka m'akakolo. Anapalasa pang'onopang'ono akuliza belu, ndipo pa kachitunda ka pakati pa msika anaimirira pa mapedulo kuti akwere. Thaa! Tcheni chinaduka.

Mwayi wake, kapena tsoka lake, pansi pa mtengo wa mango panali bambo wokonza njinga, dzina lake Kaliati. Bamboyo anaigadamiza njingayo akuimba kanyimbo. Mwadzidzidzi kanyimboko kanatha. Anapapasa pomwe kaliyala anawotcheredwa, kenako anakanda penti ndi sipanala. Pansi pa wakudayo panatuluka wobiriwira.

"Mayi, njinga iyi mwaitenga kuti?"

"Ndi yanga, bambo. Anandipatsa."

"Anakupatsani? Apa ndinawotcherera ndine ndi manja angawa! Iyi ndi njinga ya mlongo wanga Eveles, inabedwa pakhonde pake!" Kaliati anamugwira pamkono n'kukuwa, "Wakuba! Wakuba njinga uyu!"

Msika wonse unatembenuka. Ogulitsa tomato anasiya tomato, akabaza anasiya makasitomala. Kanthawi kochepa Aliness anali pakati pa mpanda wa anthu, osaona kotulukira.

"Ndi amenewa atimaliza njinga m'midzimu!"

"Taonani kutchena kwake, kumachita kuvala ngati munthu!"

"Bweretsani tayala!"

Tayala! Aliness anagwada m'matope. Anali atamvapo zomwe zimachitikira wakuba pa msika anthu akapsa mtima, apolisi asanafike. Wina anamukoka bulauzi mpaka batani kuduka. Wina anamuponyera chitsononkho kumaso.

"Sindinabe! Amayi anga ine, sindinabe! Anandipatsa ndi chibwenzi changa! Ndiloleni ndimuyimbire, abwera akuuzeni!"

Sanafunikenso kuyimba. Anthu anapatuka, ndipo panatulukira mayi wamtali atabereka mwana kumbuyo, m'manja muli ufa wa chinangwa chomwe ankagulitsa. Ameneyu ndiye anali Eveles. Kumbuyo kwake, akukokedwa ndi anzake a pa sikelo ya nandolo kuti adzaone wakuba wogwidwa, kunali Nickson.

Aliness atamuwona anapuma ngati munthu wovuulidwa m'madzi. Wafika! Wabwera kudzamupulumutsa!

"Nickson! Nickson wanga, auzeni! Auzeni kuti munandipatsa ndinu!"

Kaliati anatembenuka pang'onopang'ono. "Alamu, mtsikanayu akukutchulani dzina. Mukumudziwa?"

Alamu? Mawuwo anamulowa Aliness ngati minga. Anayang'ana mayi uja, anayang'ana mwana wa kumbuyoyo. Mphumi ya mwanayo inali ya Nickson yeniyeni.

Nickson ananyambita milomo. Maso ake anapita kwa mkazi wake, kwa mlamu wake, kwa mnyamata amene anali atafika ndi tayala lakutha paphewa. Kwa Aliness okha ndi komwe sanapite.

"Ine... dzina langa aliyense amalidziwa pa msika pano," anatero motsitsa. "Mtsikanayu sindikumudziwa."

Anthu anakuwa. Aliness sanamvenso phokosolo. Anangoona pakamwa paja, pomwe pankatuluka nanazi ndi mfumukazi, patatsekeka kuti iye afe. Kodi munthu angakutaye chonchi, maso ali gwa, ukumuyang'ana? Anatseka maso podikira mwala woyamba.

"Taimani kaye!"

Anali Eveles. Sanakuwe kwambiri, koma mawu ake anali ndi mano. Anayenda mpaka pa njinga ija, anakhudza pomwe Kaliati anakanda, kenako anayang'ana mwamuna wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a Fanny, sabata imene njinga yanga inasowa munabwera ndi penti wakuda m'zikhadabo. Ndinakuthirirani ndekha palafini kuti musambe. Munati mumapenta chiyani?"

"Ndi... ndimathandiza mnzanga kupenta chitseko."

"Mnzanu uti? Tchulani dzina, alipo pompano."

Nickson anafunafuna ndi maso woti amuloze. Anzake a pa sikelo anayang'anana, wina n'kuyamba kubwerera m'mbuyo.

"Miyezi yonseyi ndakhala ndikusenza chinangwa pamutu kuchokera ku Mkhumba, mwana kumbuyo," anatero Eveles. "Inu mukundipepesa, mukutukwana akuba. Lero mumati mungoima pamenepo, mwana wa eni ake apse, kuti ine ndisadziwe?"

"Mayi a Fanny, tikakambirane kunyumba..."

"Nyumba yake iti? Ija ili pa mudzi wa amayi anga? Mukatenge sikelo yanu ndi malaya anu dzuwa lisanalowe."

Mnyamata wa tayala uja analitsitsa mwakachetechete n'kulikhalira, ngati analibweretsera zomwezo. Amene ankakuwa kwambiri ndi amene anayamba kunena kuti iwo anaona kale kuti mtsikanayu nkhope yake si ya wakuba. Anthu!

Eveles anamasula chitenje chake cha pamwamba n'kumufunditsa Aliness pomwe bulauzi inang'ambika.

"Dzuka, mwana iwe."

"Mayi, sindimadziwa. Ndikulumbira, anandiuza kuti sanakwatire. Ndikhululukireni!"

"Ndaona mmene unamuyitanira. Wodziwa sayitana choncho." Anatembenukira kwa mlongo wake. "Achimwene, lumikizani tchenicho. Ameneyu sangayende, miyendo yafa."

Kaliati analumikiza tcheni mutu uli pansi, osayang'ana munthu. Eveles anasuntha mwana kumubweretsa kutsogolo, anakwera njinga yake, n'kuloza kaliyala ndi chibwano. Aliness anakhala chammbali, misozi ikusakanikirana ndi matope. Nickson anatsala pakati pa anthu amene tsopano ankamuyang'ana iyeyo.

Atangotuluka mumsika, msewu unayamba kutsetsereka ndipo njinga inathamanga. Aliness anasowa pogwira. Angakhudze bwanji mayi amene anamudyera banja?

"Mayi, ndikuopa kugwa."

Eveles sanacheuke. Anangokweza dzanja limodzi n'kupukuta m'maso mwake, ndipo apo ndi pomwe Aliness anadziwa kuti nayenso akulira.

"Gwira ine," anatero Eveles. "Wina wotigwira palibe."