Nyumba ya Zala Zitatu

Pulasitala akagwa yekha pakhoma sadzisanja. Izi n'zimene zidawaimitsa mutu mayi Esnath m'mawa wa Lachiwiri uja, atatuluka ndi tsache kukasesa kuseri kwa nyumba. Zibenthu za simenti imene idamatidwa masabata atatu okha apitawo zidali pansi, osati mbwee ngati zagwa ndi mphepo, koma zounjikidwa bwinobwino pakona, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba. Khoma lidali pamtunda kuyambira pamaziko kulekeza m'chiuno mwa munthu, njerwa zofiira zikuonekera.

Kwa inu amene simudafikeko ku Tsangano, nyumbayi si nyumba wamba. Adaimanga ndi agogo awo a mayi Esnath, a Maliro, m'chaka cha 1938, atabwerako kumishoni kumene adaphunzira umisiri. Khonde lake lili ndi makomo asanu okhota ngati uta, opanda chitsulo kapena thabwa lowagwira, njerwa kungotsamirana zokhazokha zaka zonsezi. Makoma ake n'ngochindikala mkono wathunthu, moti m'mwezi wa Juni, chisanu cha kumapiri kuno chikamalowa m'mafupa, m'katimo mumagona ndi bulangete limodzi. Chumuni chake sichidabwezepo utsi ndi tsiku limodzi lomwe. A Maliro adaduka zala ziwiri za kudzanja lamanja ali mnyamata, ndipo njerwa iliyonse imene adaumba ili ndi chidindo cha zala zitatu zotsalazo. Ana a m'mudzimo adakula akulowetsa tizala tawo m'timaenje timeneto.

Koma kukongola kwa nyumba sikudawakhudze a Duncan, alongo awo a mayi Esnath, amenenso adali mwini mbumba. Iwo adaona kuti malole ogula mbatatesi amaima pafupi pomwepo, ndipo pamalopo pakadakhala bwino shedi yosungiramo matumba. Mayi Esnath adathamangira kukomiti ya nyumba zakale. Paja chibwerereni matipate chilichonse chili ndi komiti yake, mjigo komiti, mlatho komiti. Koma iyi inkagwiradi ntchito, kuyenda m'midzi kulemba nyumba zomangidwa mwaluso kuti zizindikiridwe n'kutetezedwa. Atakangana mokwanira, abalewo adapangana chimodzi. Loweruka kudzabwera mlendo wochokera kuofesi yoona zinthu zakale. Akailemba nyumbayo m'gulu la zotetezedwa, a Duncan aisiya. Akaikana, Lolemba hamala ilira.

Pofuna kuti nyumba idzaoneke yosalala pamaso pa mlendo, komiti idaitana womanga wa kuboma kudzamata simenti m'munsi monse mwa makoma, ndiponso pamwamba penipeni pa khoma la kum'mawa, pansi pa nsonga ya denga, pomwe padali mng'alu. Pamsonkhano umene adagwirizana zimenezi, amuna awo a mayi Esnath, a Silvester, adakonza kukhosi nati, "Simenti ndi njerwa izi siziyanjana."

"Alamu," adatero a Duncan, "mkamwini asamakule mwendo. Nyumbayi ndi ya kuno. Yanu ili ku Kandeu."

Anthu adaseka. Mayi Esnath nawonso adaseka, ndipo kusekako kumawawawa mpaka lero. A Silvester adangokhala pansi n'kuika chipewa pabondo. Zaka makumi anayi za pachikamwini zidawaphunzitsa kumeza mawu.

Nyengo imeneyo a Silvester ankagona kumsasa wa kudimba, kulondera mbatatesi, choncho usiku wa Lachiwiri mayi Esnath adali okha m'nyumba. Nkhungu idatsika molawirira kuchokera kumapiri a kumalire, n'kuphimba mitengo ya mapichesi mpaka ndi khola lomwe osaoneka. Adazimitsa nyali, nagona akumvetsera madontho akugwa kuchokera kumalata. Pakati pa usiku kudayamba kaphokoso kena, kapansipansi, kosathamanga: kwe, kwe, kwe. Kenako zii. Kenako kugunda kamodzi kofewa, monga munthu akamaika chinthu pansi mosamala kuti chisasweke. Kwe, kwe, kwe. Chimene chidawaumitsa thupi si phokosolo ayi, koma galu wawo, amene amauwa ndi tsamba lomwe likagwa. Usiku umenewo galuyo sadatsegule pakamwa.

Kutacha, khoma la kumpoto nalo lidali pamtunda, zibenthu zitasanjidwa pakona monga dzulo lake. Koma padali china chatsopano. M'mipata ya pakati pa njerwa mudali matope oyera, onyowa, osalazidwa bwino, ndipo fungo lake lidawabwezera mayi Esnath ku ubwana wawo. Adali laimu. Adavala nsalu yawo molimbitsa n'kulunjika kwa a Duncan.

"Achimwene, mudalonjeza kuti mudikira Loweruka."

"Ndikudikira, chemwali."

"Nanga akugumula nyumba usiku ndani? Mukufuna mlendo adzaipeze ngati mbuzi yamphere kuti aikane?"

A Duncan adabwera kudzadzionera okha. Adagwada, nakanikiza chala m'matope oyerawo, naanunkhiza. Atadzuka, nkhope yawo idali itasintha. "Wogumula sakonza, chemwali," adatero motsitsa mawu. "Ine ndikadatuma munthu, akadabwera ndi hamala."

Pofika masana nkhani idali itafika kuchigayo ndi kumsika komwe. Mayi wina wogulitsa kabichi adati pobwera kumatenda usiku adaona munthu wamfupi wachipewa atanjuta patsinde pa khoma, wopanda nyali. Ena ankati a Maliro akwiya ndi shedi ya a Duncan. Ena ankati ayi, akwiya ndi Esnath, amene adalola kuti zala za agogo ake zikwiriridwe ndi simenti ngati manda. Mawu omalizawa adawalasa mayi Esnath, pakuti m'menemo mudali choonadi. Anthu awiri a m'komiti adatumiza uthenga kuti Loweruka adzakhala kumunda.

Usiku wa Lachitatu phokoso lidafika pakhoma la kumutu kwa bedi lawo. Ankamva chitsulo chikukanda njerwa, mkono umodzi wokha kuchokera pakhutu lawo, ndipo pakati pa kukandako ankamva kupuma kolemera. Adayesa pemphero, mawu ake adabalalika. Potsiriza adanong'ona, "Ndani?" Phokoso lidaleka. Adawerenga madontho a kumalata mpaka kusokoneza. Kenako lidayambanso, pang'onopang'ono kuposa kale, ngati wokandayo sakufuna kuwadzutsa.

Lachinayi a Duncan adabwera kukugwa mdima, ali ndi chibonga ndi tochi. Awiriwo adakhala pabalaza osayatsa nyali, mlongo ndi mlongo wake, monga ankachitira ali ana mvula yamabingu ikamagwa.

"Akakhala gogo, muchita nacho chiyani chibongacho?" adanong'ona mayi Esnath.

"Musandifunse zimenezo."

Tambala woyamba asanalire, kwe, kwe, kwe idayamba chakukhonde. Adatsegula chitseko mosalira, natuluka opanda nsapato pansi pozizira ngati mwala wa mumtsinje. Patsinde pa khomo lachitatu padali chinthu chakuda chogwada, chikugwedezeka, ndipo pambali pake padali galu wawo atagona mwamtendere. A Duncan adayatsa tochi.

Adali a Silvester. Mawondo ali pathumba lakutha, tchizulo kudzanja, ndowa ya laimu pambali, ndevu zoyera ndi fumbi. Sadathawe kapena kudzidzimuka. Adangotchinga maso ndi mkono nati, "Alamu, unikani apa, osati kumaso kwanga."

A Duncan adaunika. A Silvester adabenthula simenti, ndipo kuseri kwake njerwa idali yonyowa chonyowa, yotuwa ndi mchere. Ataikanda ndi chikhadabo, idanyenyeka ngati chigumu.

"Njerwa izi n'zofewa," adatero. "Zimamwa madzi m'dzinja n'kuwalavula m'chilimwe. Laimu amazilola kupuma. Simenti imatsekera madziwo m'kati, njerwa n'kumaola. Masabata atatu okha ndi izi. Mvula ziwiri, makomo onsewa akadakhala pansi."

"Mudazidziwira kuti zimenezi, abambo ake Zione?" adafunsa mayi Esnath.

"Pompano. Ndili mkamwini watsopano, ntchito imene adandipatsa kuno idali yopondera gogo laimu. Zaka zisanu ndi ziwiri, chaka chilichonse tikamaliza kukolola, tinkazungulira nyumba ino kutseka mipata. Inu mudali kusukulu ya uphunzitsi."

"Nanga osanena masana bwanji, m'malo motiopseza chonchi?"

A Silvester adawayang'ana akazi awo kwa kanthawi, osakwiya. "Ndidanena masana, amake Zione."

Mayi Esnath adachita manyazi amene sadawamvepo chibadwire. A Duncan adatsamiritsa chibonga kukhoma, nagwada pambali pa alamu awo, nagwira tochi mpaka kucha.

Lachisanu adagwira ntchito atatu, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. A Silvester ankakanda ndi kumata, a Duncan ankaponda laimu ndi mchenga monga auzidwira, mayi Esnath ankatsuka njerwa ndi nsanza, ndipo zala zitatu za a Maliro zinkatulukanso imodziimodzi. Munthu ukadaona m'mene dzanja la a Silvester linkayendera, losathamanga, losabwereza, ukadadziwa kuti luso lija silidapite kumanda lonse. Pofika madzulo m'munsi monse mudatha. Padatsala chigamba cha simenti chija pamwamba pa khoma la kum'mawa. Makwerero aatali adapita nawo womanga wa kuboma, ndipo makwerero awo ankalekeza pazenera.

"Pamwambapo pakhale," adatero a Silvester akupukuta manja. "Ndi kale lomwe gogo sankalola munthu kukwerapo. Ankati mkamwini athere pazenera, nsonga amaliza yekha mwini nyumba."

Mayi Esnath adayang'ana chigambacho, chotuwa, chonyansa, pamalo pomwe mlendo aliyense amayamba kuona.

Usiku umenewo a Duncan adapita okha kukalondera kudimba kuti alamu awo agone m'nyumba. A Silvester atangofika pabedi adayamba mkonono. Mayi Esnath tulo tidawatenga mochedwa, ndipo adadzidzimuka kudakali mdima wa bii. Kwe, kwe, kwe. Phokoso silinkachokera patsinde pa khoma ayi. Linkachokera kumwamba, pansi pa malata, chakum'mawa. Adatambasula dzanja pang'onopang'ono mpaka lidakhudza msana wofunda wa amuna awo, ukukwera ndi kutsika. Kunja galu ankalira motsitsa, akukanda chitseko kuti alowe. Sadawadzutse a Silvester. Adagona chomwecho, dzanja lili pamsanapo, mpaka atambala adalira.

Mlendo uja, mayi Loyce, adafika chakum'mawa ndi kope ndi kamera. Adazungulira nyumba kawiri, akusisita makomo a khonde, akuika zala zawo m'timaenje ta njerwa ngati mwana.

"Sabata ino ndakana nyumba zitatu," adatero. "Zonse adaziphimba ndi simenti pofuna kundisangalatsa, luso lonse n'kubisika. Iyi ndiilemba ndi mtima wonse. Makomo otere sindidawaonepo m'boma lino. Woisamalira ndilembe ndani?"

Mayi Esnath asanatsegule pakamwa, a Duncan adayankha. "Lembani a Silvester, alamu angawa. Ife tidangobadwiramo."

Atafika kukhoma la kum'mawa, mayi Esnath adaona mulu wina pakona, zibenthu zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba. Adakweza maso. Chigamba chija padalibe. Mng'alu udali utatsekedwa ndi laimu woyera, wonyezimira ndi chinyezi. Mayi Loyce adaloza kamera, naikoka kuti ione pafupi, kenako adamwetulira n'kuwaonetsa a Silvester chithunzicho pagalasi lake.

"Mwachita bwino, bambo, kutsanzira chidindo cha mwini wake. Koma mudakwerapo bwanji pamenepo?"

Pakati pa laimu wonyowayo padali timaenje titatu, tozama, tatsopano. A Silvester adayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako adayang'ana manja awo, zala zonse khumi zitasweka ndi laimu.

"Ine ndidathera pazenera," adatero.

Mayi Loyce adalemba zolemba zawo n'kupita, nyumba idatsala chiimire. Shedi ya mbatatesi a Duncan adakaimanga kutsidya kwa msewu. Mpaka lero, a Duncanwo akamadutsa kukhoma la kum'mawa, kaya ndi masana kaya anthu akuona, amavula chipewa n'kunena motsitsa, "Tadutsa nawo, gogo."