Nkhata ya Boniface Mbewe

Pa 12 Seputembala 2015, amuna khumi ndi anayi anatuluka m'nkhalango ya kutsidya kwa Bua ali pamzere umodzi. Khumi ndi atatu anasenza nyama ya njati. Wotsalayo, a Rodrick, mwini mfuti, sananyamule kanthu kupatula gogodela wawo ndi ndudu kukamwa. Kumapeto kwa mzerewo kunali Boniface Mbewe wa ku Kabudula, atasenza ntchafu yathunthu, magazi akuyenderera m'khosi mpaka m'chiuno, ntchentche zikumulondola ngati waphedwa ndi iyeyo.

Boniface anali wosauka, ndipo umphawi si mlandu. Munda wake unali woguga, fodya anamukana, ndipo mkazi wake Naomi ankachita kupempha mchere kwa anzake. Mlandu wake unali m'maso. Tsikulo, atafika m'mphepete mwa nkhalango, a Rodrick anatsata mwambo wa alenje: wosenza aliyense anamutula ndi manja awo, kenako n'kumupatsa gawo lake la nthiti, chiwindi ndi matumbo. Anzake analandira ndi manja awiri. Boniface analandira ndi dzanja limodzi, maso ali pamulu umene unatsalira mwini mfuti. Sanaganize zoti osenza akuyenera kulandira zochuluka. Anangoganiza zoti iyeyo sakuyenera kukhala wosenza.

Anagulitsa mbuzi za mkazi wake n'kugula gogodela wakewake. Chilimwe chonse anayenda m'nkhalango, ndipo chimene anapha ndi gwape mmodzi wowonda. Atatopa kusekedwa, anapalasa njinga kupita ku Nambuma kwa a Godfrey, sing'anga amene dzina lake anthu ankalitchula motsitsa mawu.

Anawapeza masana pansi pa chigafa chopanda fodya. Sanavale zikopa kapena mikanda. Anali ndi malaya ochapa bwino, ndipo ankaluka nkhata ya luzi losakaniza ndi ubweya wakuda.

"Mapewa anu ndi otupa," anatero a Godfrey osadzutsa mutu. "Mumasenzera ndani?"

"Ndatopa kusenzera anthu, ang'anga."

"Wotopa amapuma. Inu simunabwere kudzapuma, eti?"

"Ndikufuna nyama izigwera ine."

"Izikugwerani. Kupha si ntchito, achimwene. Ntchito ndi kutulutsa. Kodi mukapha njati, mutu mumautani?"

"Timachotsa lilime ndi nyama ya m'masaya, chigaza timachisiya. Ndani angasenzetse munthu nyanga mtunda wonsewo?"

"Inu," anayankha a Godfrey, n'kumuponyera nkhata ija pamiyendo. "Nyama iliyonse imene mudzaphe, mutu wake uzituluka wathunthu m'nkhalango dzuwa lisanalowe, pankhata imeneyi, mpaka pachulu cha m'mphepete. Wosenzayo muzimutwika nokha. Koma musadzamutule. Azitaya yekha pansi."

"Nanga akataya?"

"Adzapitiriza kusenza."

"Mpaka liti?"

"Kodi khosi la munthu limapirira mpaka liti? Wodziwa ndinu, ine sindinasenzepo."

Boniface anafunsanso: "Palibe chomupulumutsa?"

"Chilipo, ndipo n'chosavuta. Womutwika yekha ndiye angamutule. Kungogwira pamutu pake ndi manja awiri n'kutsitsa, basi wachira. Koma inu mukadzatero, mfuti yanu idzazizira, ndipo zonse zimene inabweretsa zidzapita. Mukadzagonekanso mutu m'nkhalango, mitu yonse imene munatulutsa idzakupezani pamodzi."

"Abale anga ayi, ang'anga."

"Ine ndatchula m'bale? Nkhata sifunsa kwawo kwa munthu. Kodi kwanuko kulibe anthu amene akafa, kumudzi kwawo amamva mwezi utatha?"

Nkhope ya Boniface inamasuka. Anali atakumbukira matenanti a m'maesiteti a fodya, anthu ochokera ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, amene amakhala m'tizisakasa ndi kudikira malipiro a kumapeto kwa chaka, ana awo akulota nyama. Anafunsa za malipiro a sing'angayo.

"Mchira wa nyama iliyonse," anatero a Godfrey, akusalaza ubweya wakuda uja. "Pali ena akubwera pambuyo panu."

Ulendo woyamba, njati inatuluka yokha m'tsekera n'kuima cham'mbali ngati ng'ombe yodikira goli. Inagwa ndi chipolopolo chimodzi. Pamenepo ntchito yeniyeni inayamba, ndipo inali ya ena. Matenanti anasenda, anatumbula, anadula miyendo ndi nkhwangwa, n'kumanga zidutswa ndi luzi. Zolemera kwambiri anazikoleka pamtengo wopingasa pamapewa a anthu awiri. Anayenda wapansi m'minga ndi m'makwawa, luzi likudula zikhatho, kashembe akuluma pamene dzanja silingafike, madzi atatha kalekale m'zigubu. Mutu anausenza mnyamata wina wa ku Mulanje, amene anaseka pomva kuti abwana akufunanso nyanga. Atafika pachulu anaima kudikira kutulidwa, monga amachitira aliyense wosenza. Boniface anapisa manja m'thumba n'kuyang'ana kumbali. Mnyamatayo anawerama n'kutaya yekha.

Mvula isanagwe anali atamwalira, khosi litalowa m'mapewa, akudandaula kuti wina amuchotsere chimene chili pamutu. Eni esiteti anati ndi matenda a msana. Anamuika m'mphepete mwa munda, ndipo ntchito ya fodya inapitirira.

Nyama ya Boniface inayamba kuyenda pangolo ndi panjinga zamoto kupita ku Nsaru, ku Namitete, mpaka m'nyumba za mipanda mu mzinda. Ntchefu, ngoma ndi mphalapala zinkamugwera ngati zotumidwa. Anamanga nyumba ya malata, anatsegula chigayo, anagula ng'ombe ndi galimoto. Dzina linasintha, anakhala abwana Mbewe. Pamaliro ankapatsidwa mpando. Anthu omwewo amene ankamuseka ndi gwape wake anayamba kuuza ana awo kuti azilimbikira ngati a Mbewe. Naomi anaona kuti mwamuna wake amasunga nkhata yonunkha m'sutikesi ya zovala za Lamulungu, anaonanso kuti osenza mitu sabweranso kachiwiri. Sanafunse. Anali atasiya kupempha mchere, ndipo anaona kuti zimenezo n'zokwanira.

Chaka chachinayi, mutu wa njati unagwera Samson, tenanti wa ku Phalombe, bambo wa ana atatu. Patapita masabata ochepa mkazi wake Anesi anafika kuchigayo, n'kugwada pafumbi la gaga pamaso pa anthu.

"Bwana, amuna anga sakudzuka. Akungoti, kawauze abwana adzanditule."

"Ndimutule chiyani? Ali ndi katundu?"

"Palibe chimene tikuona, bwana. Koma akuti mungobwera mudzawagwire pamutu. Si patali, n'kuseri kwa dambo."

Boniface anadziwa kuti ndi ulendo wosakwana kutentha kwa ndudu imodzi pagalimoto. Anayang'ana chigayo chikulira, anayang'ana matumba a chimanga ali pamzere, n'kupisa manja m'thumba.

"Manja angawa sagwira odwala, mayi. Kuchipatala kulipo."

Anauza wogaya kuti amupatse mayiyo nyama yowamba pang'ono. Anesi anaisiya pomwepo. Samson anamwalira Lamulungu lotsatira ali chokhala, chifukwa kugona kunkamukanika.

Nkhani zinayamba kuyenda m'zigafa. Amuna anayamba kukana ulendo wa kunkhalango ngakhale atalonjezedwa ntchafu. Koma njala ya matenanti imabwera chaka chilichonse, ndipo Boniface ankaidziwa nyengo yake monga mlimi adziwira mvula. Atasowa amuna okwanira, anayamba kutenga ndi amayi omwe. Paulendo wa chilimwe chotsatira, Anesi anali m'gulumo. Boniface sanamuzindikire. Chiyambire kulemera, sankayang'ana nkhope za osenza, ankayang'ana makosi.

Tsikulo anapha njati yamphongo yokalamba, ya nyanga zokhuthala ngati mtondo, mkati mwenimweni mwa nkhalango. Pomaliza kuduladula, dzuwa linali litapendeka. Aliyense anatenga katundu wake. Mutu unatsala pansi, ntchentche zitadzaza m'maso mwake.

"Iwe wamtaliwe, bwera kuno," anatero Boniface akutulutsa nkhata.

"Ine ndasenza kale, bwana," anayankha bambo wa ku Thyolo amene analozedwayo.

"Tsitsa zimenezo. Ndikupatsa mwendo wonse."

"Mwendo mupatse nyanga zanuzo, ziyende zokha."

Ena anaseka chapansipansi. Boniface anakweza mfuti.

"Gogodela wanuyo amadya kamodzi, bwana," anatero bambo uja modekha, "ndipo chimene munamudyetsa chili m'chifuwa cha njati. Pomadzamaliza kusinja onga, ife tili ku Bua."

Boniface ananyengerera, anatukwana, analonjeza ng'ombe yamoyo. Palibe anasuntha. Mithunzi ya mitengo inkatalika, ndipo Boniface anakumbukira mitu yonse imene inali pachulu, ina itamera kale udzu m'mphuno. Kenako nzeru inamufikira, ndipo anadziyamikira nayo mumtima. Akasenza yekha, wina amutwika, ndipo yemweyo akamutula pachulu. Lamulo likhala latsatidwa, mfuti siizizira, iye sadwala. Anthu a njala ngati awa, ndani angakane kutsitsa katundu wa bwana wake?

"Chabwino, anthu aulesi inu. Ndisenza ndekha. Wonditwika ndani? Yemweyo akanditula, ndipo chiwindi chonse n'chake."

"Ndikutwikani ine, bwana," anatero Anesi.

Anali mayi wozolowera kukweza mabelo a fodya. Anagubuduzira mutuwo pamtengo wakugwa, Boniface anagwada, ndipo mayiyo anamuika nkhata pakati pa mutu mosamala, n'kutsetserezera katunduyo pamwamba pake.

Khosi la Boniface linali litaiwala ntchito. Nyanga zinkakola m'nthambi n'kumubwezera m'mbuyo, magazi ndi mamina a njati zinkalowa m'malaya ake ogula mu mzinda, nsapato zinamutupitsa mapazi mpaka anazivula. Anagwa pakhwawa, anadzuka ndi maondo, osayerekeza kutsitsa. Osenza anzake anayenda patsogolo osacheuka. Boniface anafika pachulu dzuwa litafiira koma lisanamire, ndipo anaseka ndi mpweya wotsala.

"Nditule, mayi. Fulumira."

Anesi anatula katundu wake, mothandizidwa ndi mayi mnzake. Anapukuta manja pachitenje n'kuwaika kumbuyo.

"Kodi simunandidziwe, bwana? Ndine mkazi wa Samson."

"Samson uti?"

Funso limenelo linamveka kwa onse amene anali pamenepo, ndipo amene akanamumvera chisoni anasiya.

"Ndikupatsa chigayo," anatero Boniface. "Ndikupatsa nyumba. Ungogwira apa ndi manja awiri."

"Manja angawa sagwira odwala, bwana. Kuchipatala kulipo."

Anatenga gawo lake la nthiti, losapitirira la wina aliyense, n'kunyamuka. Boniface anapirira mpaka maondo anapinda okha. Mutu unagwera pamwamba pa inzake. Kulemera kwake sikunagwe nawo.

Anatuma anthu kukamufuna Anesi kuesiteti, koma anapeza chisakasa chili pululu. Anali atabwerera kwawo ndi ana. Mwa onse amene anadya nyama ya Boniface panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina la mudzi wake, chifukwa panalibe anafunsapo. Abale ake anamutengera Boniface ku Nambuma pagalimoto. A Godfrey anamuyang'ana pang'ono n'kupitiriza kuluka.

"Ndinakuuzani kuti womutwika yekha," anatero. "Mchira wa njatiyo mwabweretsa?"

Lero mukafika pa Kabudula tsiku la msika mudzamuona. Amayenda chowerama, manja onse awiri atagwira m'mwamba chinthu chimene palibe akuchiona, ndipo polowa pakhomo amapendeketsa mutu kuti nyanga zidutse. Aliyense wokumana naye amamuuza kuti, "Nditulenikoni, achimwene." Ena achifundo amayesa, koma sizithandiza. Osenza ake ankafa nyengo imodzi isanathe. Iye khosi lake linanenepa ndi nyama, ndipo likuchedwa kuthyoka.

Umbombo ndi umenewu: munthu wodziwa kulemera kwa katundu kusankha kuti ena afe nawo, iye manja ali m'thumba. Chuma chobwera ndi zizimba chimalipiridwa ndi thupi la munthu, ndipo wolemerayo amangosankha kuti thupilo likhale la yani, kufikira tsiku limene osankhidwa atha. Boniface sayenera misozi ya wina aliyense. Koma sanadye yekha. Chigayo chikulirabe, ng'ombe zikuswana, ndipo Naomi ndi abale ake akugona m'nyumba ya malata. Inu amene mwatsala ndi chumacho, inu eni maesiteti amene munakwirira antchito anu m'mphepete mwa minda osafunsa chimene chinawapinda makosi, ndi inu ogula amene munkatumiza galimoto kudzatenga nyama yowamba: pitani mukafufuze mayina a anthu amene anasenza mitu ija ndi midzi imene anachokera. Gulitsani chigayo ndi ng'ombezo, mukapereke kwa akazi awo ndi ana awo pamaso pa anthu, ndipo poperekapo mukagwire ndi manja awiri.