Nthambi ya pa Mphambano ya Ndirande

Chaka chimene njanji inafika ku Limbe, azungu a kumeneko anayamba chizolowezi chimene anthu sanachimvetse: kukwera phiri la Ndirande Loweruka lililonse, osakafuna nkhuni, osakasaka mbira, kungokwera basi. Akafika pamwamba ankaima pa thanthwe n'kumaloza nyanja ya Chirwa, yomwe kukacha bwino inkaoneka kutali ngati mbale yachitsulo yoiwalika pabwalo. Akatero ankamwa tiyi n'kutsika. Munthu akakhuta, zochita sizimusowa.

Wowatsogolera anali a Sulemani, bambo wosakonda kulankhula, amene Bwana Peterson wa ku kampani ya fodya ankawadalira chifukwa phirilo ankalidziwa ngati khonde la nyumba yawo. Mwana wawo wamkazi, Alima, ankabwera pambuyo ndi dengu la ketulo, makapu ndi masikono, popeza ankayamba wadikira kuti masikonowo apse. Kuti asasochere, a Sulemani ankachita zimene apaulendo akale ankachita: pa mphambano ankathyola nthambi ya msuku n'kuigoneka chopingasa pa njira yolakwika. Wobwera pambuyo ankadziwa kuti njira yotsekedwa salowamo.

Mphambano yovuta inali imodzi, mkatikati mwa nkhalango. Njira ya kumanja inkakwera ku thanthwe. Ya kumanzere inkatsikira ku chigwembe chakuya kumene ngakhale otola nkhuni sankafikako.

Loweruka lina Alima anachedwa mpaka Dona Joan, mkazi wa Peterson, anayamba kung'ung'udza za tiyi. A Sulemani atatsika anamupeza ataima pa mphambano, dengu lili pamutu. Nthambi imene iwo anatseka nayo njira ya kuchigwembe inali itagona pa njira ya kuthanthwe. Mtsikanayo anati chimene chinamuimitsa ndi kuseka kwa azungu, komwe kunkamveka kumtunda pamene nthambi inkamuuza kuti atsike. A Sulemani anati ndi anyani, nkhani n'kuthera pomwepo.

Loweruka lotsatira anapsinja nthambi ndi mwala woti nyani sangaunyamule. Anakaipeza yasamuka, mwala uli pamwamba pake, ndipo pansi panalibe chizindikiro choti china chake chakhwekhwerezedwa. Sabata yomweyo amayi otola nkhuni anayamba kunong'onezana pamsika kuti kuchigwembe kukumveka kulira kwa khanda dzuwa lili paliwombo. Anthu anaseka, koma a Sulemani sanaseke. Anasiya kudya.

Mantha awo anali ndi pochokera. Zaka zoposa makumi awiri m'mbuyomo, Angoni atabwera ndi nkhondo, mudzi wonse unathawira m'phiri lomweli. A Sulemani, panthawiyo ali mnyamata wongokwatira kumene, anatsogola kukafuna phanga. Mkazi wawo woyamba, Halimatu, ankabwera pambuyo pang'onopang'ono, khanda lili kumsana, ndipo anapangana kuti azitsata nthambi. Atafika pa mphambano ija anamva zishango zikugunda pafupi, n'kukumbukira kuti Angoni nawonso amadziwa kuwerenga nthambi. Anatseka njira imene analowa iwo eni, n'kusiya ya kuchigwembe ili pululu. Angoni analowera kumeneko. Halimatu nayenso analowera komweko. Kumudzi a Sulemani anangoti mkazi wawo anasochera, anthu n'kuwapepesa, kenako n'kuwapezera mkazi wina, mayi wake wa Alima. Koma mlandu suwola.

Tsopano nthambi inkabwerera pamalo pomwe anaiika tsiku lija, ndipo wobwera pambuyo anali mwana wawo.

Loweruka lachitatu anayesa kukana ulendo, ati mwendo ukupweteka, koma Peterson anali ndi alendo ochokera ku Zomba amene anawalonjeza kale kuti akawaonetsa nyanja. A Sulemani anamukokera Alima kuseri kwa khitchini.

"Lero nthambi usaiyang'ane," ananong'ona. "Kaya ili pati, iwe upite kumanja. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Tsikulo a Sulemani sanathyole nthambi iliyonse. Atangofika pathanthwe, nkhungu ya chiperoni inakwera kuchokera m'munsi n'kumeza mitengo umodziumodzi, mpaka nyanja imene alendo anabwera kudzaona sinaoneke n'komwe. Mbalame zinati zii. Kunkangomveka madontho akugwa kuchokera m'masamba, ndi azungu akutsutsana za mbali imene kunali nyanja ya Chirwa. M'nkhungu yotere munthu sadziwa kumanja kapena kumanzere, ndipo a Sulemani ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Mosiyana ndi tsiku lija, ulendo uno ananyamuka kuti athamangire kumunsi.

Asanayende ngakhale mapazi khumi, Alima anatulukira m'nkhungu, nsalu yanyowa, dengu lili bwinobwino. Anatula, n'kuyamba kusonkha moto wa tiyi. Anafotokoza mosatekeseka kuti pa mphambano anazunguzika, ndipo anapeza nthambi yaiwisi, yotuluka utomoni, itatseka njira imodzi. Anali atayamba kale kutsika njira yotsegukayo pamene anakumana ndi mayi wina akukwera kuchokera kuchigwembe. Mayiyo anavala chiwondo, nsalu ya khungwa la mtengo imene anthu anasiya kalekale, ndipo anabereka mwana amene sankagwedezeka.

"Anandibweza, ababa. Anati, 'Mwanawe, nthambi imeneyi ndi yabodza, ine ndinaitsata kale.' Anaichotsa okha n'kundionetsa njira."

A Sulemani anafunsa kuti mayiyo walowera kuti.

"Akubwera pambuyopa. Akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mwana. Ati ndikuuzeni kuti ulendo uno muwadikire."

Azungu anamwa tiyi wawo, akudandaula za nyengo. Atamaliza, a Sulemani anauza Peterson kuti atsikire njira ya mbali ina ya phirilo, yowongoka, yosadutsa pa mphambano, ndipo Alima awatsogolera. Mtsikanayo anafuna kutsala, koma bambo ake anamusenzetsa dengu okha, zimene anali asanachitepo, n'kumukankha pang'ono paphewa.

Mawu a azungu atazilala, a Sulemani anakhala pathanthwe kuyang'ana njira yochokera ku mphambano. Kumunsi, m'nkhungu, masamba onyowa ankaphwanyika pansi pa mapazi a munthu wolemedwa, amene ankati akayenda pang'ono n'kuima kukonza mbereko. A Sulemani anavula kofia, n'kuiika pabondo, ndipo anadikira.