Anapompa Mabuleki Ndani?

Chimene chinayamba kumupsetsa mtima Lawford ndi batire. M'mawa uliwonse ankaipeza itafa, chonsecho galimoto yagona pakhomo osayenda.

Galimotoyo inali Corolla yakalekale imene anasiya malemu bambo ake, ndipo mabuleki ake anali ongodalira pemphero. Mkazi wake Eveless anali ndi pakati, mwezi wothera, ndipo ananenetsa kuti tsiku lopita kuchipatala sadzakwera chinthu choima pamene chafuna chokha. Ndiye Lawford anatsika kuchoka ku Area 3 kupita kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Old Town, n'kukagula mabuleki amphamvu ochotsa pa galimoto ina yongotsala chigoba. Sanafunse chimene chinaiphwanya. Ndani amafunsa zimenezo akapeza sipeya wabwino?

Makaniko wake, a Sumaila, anawamanga madzulo omwewo. Ntchito yomaliza inali kutulutsa mpweya m'mapaipi, imene imafuna anthu awiri: wina m'kati kupompa buleki ndi phazi, wina kunsi kumasula kabawuti. A Sumaila anagona chagada kunsiko n'kumaitana kuti pompani, gwirani, siyani, ndipo zonse zinkatsatidwa bwinobwino. Atatuluka akupukuta m'manja, anaona Lawford akuchokera m'nyumba atanyamula kapu ya tiyi.

"Simunali m'galimoto?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ine? Madamu anandiitana kalekale."

A Sumaila anayang'ana mpando wopanda munthu uja, n'kulongedza masipanala awo. Tiyi sanamwe.

Usiku wake magetsi anazima dera lonse, mdima wa bii, ngakhale agalu a aneba amene amauwa ndi tsamba lomwe anangoti zii. Eveless, amene tulo tinkamuvuta chifukwa cha msana, anaona makatani akufiira pang'onopang'ono. Kunja kunkamveka fuu, fuu, fuu, ngati munthu wotopa akupumira m'botolo. Anagwedeza mwamuna wake n'kumunong'oneza kuti m'galimoto muli munthu. Lawford anatuluka ndi tochi akung'ung'udza. Nyali za mabuleki zinali zitawalitsa mpanda wonse kuti psuu, zitseko zonse zokhoma. Ataunika pagalasi anaona chopondera buleki chitamira mpaka pansi, kenako chinayamba kukwera chokha mwaulemu, ngati phazi likuchoka.

Lawford si munthu wothamangira zamatsenga. Anati ndi swichi, anasintha swichi. Anati ndi mawaya, anawafufuza tsiku lonse mpaka khosi kuuma. Usiku uliwonse fuu, fuu, makatani psuu. Atatopa anazula batire n'kukaigoneka kukhitchini, koma nyali zinayakabe, ndipo apa m'pamene anakwiya zenizeni. Ankati mzukwa wanzeru umapita kwa anthu a magalimoto apamwamba ku Area 10, osati kudzazunza mphawi ndi chiphapha chake.

A Sumaila anakana kubweranso. Pafoni anangoti kwa ogulitsa zitsulo kukumveka zoti chigoba chija anachikoka kufupi ndi mlatho wa Lilongwe, ndipo mwini wake anamupeza atafa phazi lili pabuleki, moti pomuchotsa anachita kusiya nsapato ya phazilo. Anamulangiza kuti abwezeretse mabuleki akale. Abwezeretse ati? Lawford anali atawapereka kale kwa otola zitsulo.

Matenda anamuyamba Eveless kusanache, kunja kuli chifunga. Lawford anamanga batire mwachangu, n'kumugoneka mkazi wake kumbuyo. Mantha anali nawo, koma njira ina panalibe. Anathamangitsa galimoto m'misewu yopanda munthu, ndipo akutsetsereka kuloza kumlatho anamva chinthu chozizira chikukhudza kakolo wake. Buleki inamira yokha. Matayala analira, galimoto inaima nji pakati pa msewu, Eveless akubuula.

"Lero lomwe? Tasiyani, akulu inu!" Lawford anakuwa akumenya chiwongolero.

Asanatseke pakamwa, m'chifungamo munatuluka chilole chopanda nyali, injini itazima, n'kudutsa mwakachetechete patsogolo pawo penipeni, mphepo yake mpaka kugwedeza Corolla. Chitapita, buleki inakwera pang'onopang'ono. Lawford anayendetsa ulendo wotsalawo mosamala mpaka kuchipatala.

Eveless anachira, mwana wamkazi. Usiku umene anatuluka m'chipatala, khanda litagona, makatani anafiiranso. Lawford anapumira m'mwamba, n'kutsegula zenera.

"Zikomo, akulu," ananong'ona. "Mwaimitsa, tonse tilipo. Tsopano chotsani phazi mukapume, batire mundisiyireko."

Nyali zinazima. Kunamveka chitseko cha galimoto, chokhoma chija, chikutseguka n'kutsekeka mosamala. Kenako mapazi pamiyala ya pabwalo, lina la nsapato, lina lopanda. Lawford anatchera khutu mpaka kunacha, koma geti sanalimve likutseguka.